Njinga yopanda keliyala

Mayi akunyumba atangoiona njingayo itatsamira khoma la khitchini sanafunse za mtengo ayi. Anaizungulira kawiri, nkugwira kachishalo kaja kowonda ngati lilime la galu, kenako anati, "Nanga keliyala yake ili kuti? Mwaiwala komwe mwagulako?" Ndinawauza kuti njinga zothamangira zamtunduwu, zija timati resa, sizikhala ndi keliyala, ndi mmene anazipangira. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. "Ndiye chimanga chopita kuchigayo muzisenza pamutu muli pa njinga pomwepo?" Ana anaseka mpaka mmodzi kutsamwa ndi tiyi, ine ndinangoti phee, sinanga ndalama zinali zitapita kale.

Sindikuwanena ayi, funsolo ndi lomveka. Kuno ku Zomba njinga ndi yantchito. Mukaima pa Mpondabwino m'mawa muona njinga zitasenza makala matumba atatu, nkhuni zotalika kuposa mwini wake, nsomba zochokera ku Kachulu, mbuzi itamangidwa miyendo ikulira, ndiye akabaza aja ali ndi kakhushoni kumbuyo atanyamula amayi ndi mwana kumsana ndi jumbo ya tomato. Ifenso tinakulira pa Humber ya bambo, ija timaphunzirira titalowetsa mwendo pansi pa felemu chifukwa pachishalo sitimafika. Ndiye munthu wamkulu ndi ndevu zake kukagula njinga yoti singanyamule ngakhale mtolo wa mpiru, anthu amaona ngati mutu wayamba kuvuta.

Ine zinayamba ndi BP. Kuchipatala anandiuza kuti mimba ichepe, ndiziyenda, mchere ndichepetse, zija amauza aliyense. Kuthamanga ndinayesa masabata awiri bondo nkukana. Tsiku lina Lamulungu m'mawa ndili pa mzere wa mafuta ndi galimoto yobwereka, dzuwa likuyamba kuwawa, kunadutsa anyamata anayi pa njinga zowonda matayala, atawerama, akuchokera mbali ya ku Thondwe, osamveka ngakhale phokoso koma kakulira kaja ka tcheni kokha, fyuuu, basi atapita. Ife tili pomwepo kudikira thanka yomwe mwina ibwera mwina ayi. Ndinangoti m'mtima, ine ndikufuna chimenecho.

Kufuna ndi kwina, kupeza ndi kwinanso. M'mashopu a m'tauni muno mupeza njinga zakabaza zatsopano zili mbwee, mupezanso ma mountain bike aja onyezimira a masipulingi kutsogolo ndi pakati omwe amalemera ngati bedi yachitsulo, koma resa yeniyeni, ija mahandulo ake amapindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, ine sindinaione. Yatsopano ndiye mpaka uitanitse ku Johannesburg kapena kwina, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake ukauwerengera umangotseka foni nkukagona. Ndiye panatsala kaunjika basi. Njinga zakale zobwera m'makontena kuchokera kunja, ndi zija anthu amagulitsa pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp, ena ndi azungu oti kontirakiti yatha akubwerera kwawo, ena ndi anzathu omwe anagula ndi changu ngati changachi kenako njinga nkukhala yoyanikapo matawulo.

Ndinakhala miyezi iwiri usiku uliwonse ndili pa foni, bandulo kutha, kuwerenga za njinga mpaka ndinayamba kulota ma Shimano. Ndipo apa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kupusa. Inatuluka ina yofiira ku Limbe, felemu yake ya carbon, chinthu chopepuka kwambiri chomwe si chitsulo, dzina lake lalikulu lija timaliona pa TV akamaonetsa Tour de France, pa chithunzi ikuwala ngati yangotuluka mu pepala. Mwini wake pa foni amayankhula mokoma, "Bigi, iyi mukainyamula ndi chala chimodzi imanyamuka, anthu atatu akuifuna koma ine ndakukondani inuyo, ingotumizani kenakake pa Airtel Money ndikusungireni." Chala chinali chitafika kale pa PIN. Chinandiletsa si nzeru ayi, netiweki inangovuta basi kkkk.

M'mawa mwake ndinapita kwa madala ena amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi kwathu ku Matawale. Madalawa akhala pamenepo kuyambira ndili kupulayimale, zida zawo ndi masipanala angapo, hamala, beseni lamadzi akuda lofufuzira pomwe chubu chabooka, ndi chitini cha girizi. Ndinawaonetsa chithunzi. Anavala magalasi awo omanga ndi waya mbali imodzi, anakulitsa chithunzi ndi zala zamafuta mpaka sikirini yanga kuda, nkundifunsa, "Achimwene, inu kutalika kwanu ndi kotani?" Ndinati mita imodzi ndi 68. Anaseka. "Iyi ndi ya munthu wamtali ngati polo ya magetsi. Onani apa alemba 58. Inu yanu ndi 52, mukakakamira 54." Ine manambala amenewo ndimawaona ndithu koma ndimaganiza kuti ukangotsitsa chishalo basi zatheka, ngati mmene timachitira ndi njinga zathuzi. Anati ayi, vuto si kutalika kwa chishalo kokha, vuto ndi mtunda wochoka pachishalo kukafika pa mahandulo, felemu ikakula umadzikoka ngati ukutola chinthu pansi pa bedi, ola limodzi lokha khosi, msana ndi manja zonse zimakhala zikulira. Nsapato yaikulu umatha kuikamo pepala, njinga yaikulu ulibe poika pepala.

Ndinakakamirabe, mukudziwa munthu mtima ukagwa pa chinthu. Ndinawalipirira minibasi madalawo tipite limodzi ku Limbe. Njira yonse kudutsa pa Thondwe, Namadzi, Njuli, iwo ali m'tulo ine ndikuwerengera mmene ndizionekera pa njinga yofiira. Titafika sanayambe ndi kuisilira ayi, anaitembenuza miyendo m'mwamba, anapukuta pansi pa felemu ndi kansanza, nkuyamba kugogoda ndi kandalama kachitsulo pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Go, go, go, kenako penapake pafupi ndi mapedulo kanamveka mosiyana, ngati ukugogoda mphika wong'aluka. Anakanda sitika ina yomwe inamatidwa pamenepo, pansi pake panali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Mwini njinga anayamba zoti ndi penti chabe. Madala anangoibweza bwinobwino nkunena kuti, "Chikomekome cha mkuyu, tiyeni achimwene tikadye chipisi." Tikudya anandifotokozera kuti felemu yachitsulo ikathyoka aliyense wowotcherera pa Zomba pano akhoza kuilumikiza, ya aluminiyamu ndi yovutirapo koma siichita dzimbiri komanso ikapindika imaoneka, pomwe carbon ikang'aluka imabisa, ndipo tsiku lomwe idzaganize zothyoka udzakhala ukutsika phiri.

Nkhani ya phiri ndi yomwe anthu ambiri olemba za njinga pa intaneti sangakuuzeni bwino chifukwa sakhala kuno. Zomba si Nsanje. Tauni yathuyi inakhala m'tsinde mwa phiri lotalika mamita oposa 2,000, ndipo kulikonse komwe ungalowere pali kachitunda kokudikirira, kuchoka ku msika kukwera cha ku maofesi akale a boma aja a nthawi yomwe likulu linali kuno lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, miyendo imadziwa kale kuti zinthu zasintha. Ndiye magiya ndi nkhani yaikulu kuposa dzina lolembedwa pa felemu. Njinga yofiira ija kutsogolo inali ndi magiya awiri, ya mano 53 ndi ya mano 39, kumbuyo giya yake yaikulu inali ya mano 25. Kutanthauza kuti ngakhale pa giya yofewetsetsa, ukapalasa kamodzi wilo limazungulira kamodzi ndi theka. Kwa anyamata a mpikisano zili bho, kwa ine wa BP ndi mimba yangayi ndiye kuti pa chitunda chilichonse ndizitsika nkumakankha njinga ya ndalama zambirimbiri akabaza akundiseka. Zomwe zimafunika kuno ndi zija amati compact, 50 ndi 34 kutsogolo, kumbuyo kukhale giya ya mano 32 kapena 34, kuti ukapalasa kamodzi wilo lizungulirenso pafupifupi kamodzi, uziyenda pang'onopang'ono ngati bilimankhwe koma uli pachishalo.

Za Shimano nazonso ndinali nditasokonezeka nazo. Kampani ya ku Japan imeneyi zida zake za resa zili m'magulu, Claris ya magiya 8 kumbuyo, Sora 9, Tiagra 10, kenako 105 ndi Ultegra ndi Dura-Ace za anthu a ndalama zawo. Pa intaneti aliyense amakuuza kuti usatsike pansi pa 105. Koma funsani kaye kuti tcheni cha magiya 11 chikaduka pa Songani mukachipeza kuti. Cha magiya 8 kapena 9 ndi chimodzimodzi ndi cha ma mountain bike a magiya omwewo, ndipo amenewo ali ponseponse, ngakhale giya yakumbuyo ija yonse mukhoza kuchotsa pa mountain bike ya Shimano ya magiya 9 nkuika pa Sora ikagwira ntchito. Madala aja anati, "Gulani njinga yoti ine ndikhoza kuikonza, osati yoti muzikaitumiza ku Joni ngati wodwala." Chomwe anandichenjeza kwambiri ndi zosinthira magiya zija zimakhala pamodzi ndi mabuleki pa handulo, anati zimenezo zikafa sizikonzeka bwino ndipo mtengo wake ukhoza kufanana ndi njinga yakabaza yatsopano, ndiye pogula uzidina kambirimbiri, giya iliyonse ilowe ndi kutuluka popanda kukakamiza.

Yomwe ndinagula inapezeka konkuno, kwa munthu wina wa ku Chinamwali amene amaitanitsa njinga za kaunjika. Siyokongola ayi, ndi yotuwa, penti inakandika pena ndi pena, tepi ya pa handulo inali itasanduka ngati bandeji yakale. Koma aluminiyamu, saizi 52, Sora, 50 ndi 34 kutsogolo. Nditaima nayo pakati pa miyendo panatsala mpata wa zala ziwiri zitatu, nditakhala pachishalo chidendene chili pa pedulo mwendo unawongoka bwinobwino, manja anafika pa mabuleki popanda kudzikoka. Madala anazunguza mawilo onse akuyang'ana pakati pa mabuleki ngati limu likuvina, anafinya masipoko awiriawiri, anagwira buleki yakutsogolo nkugwedeza njinga kuti amve ngati khosi lake lili ndi pulei, anakoka tcheni pa giya yakutsogolo kuona ngati chatamuka, anapasanso chala m'mbali mwa limu momwe mabuleki amagwira chifukwa limu likadyeka limakumbika ngati supuni. Tcheni anati chatha, mabuleki a labala aja auma, zina zonse zili bwino. Ndinaipalasa kuzungulira kawiri, mtima unangoti ndi imeneyi.

Kunenerera kunatenga ola lathunthu. Iye anayambira kumwamba, ine pansi penipeni, madala ali pambali kumangotchula zofooka, "tcheni ichi, matayala awa ong'aluka m'mbali, chishalo ichi," chilichonse akatchula mtengo umatsikako pang'ono. Sinditchula pomwe tinathera chifukwa mayi akunyumba amawerenga zomwe ndimalemba, ndingoti inali malipiro a mwezi ndi kenakake pamwamba. Chinthu chimodzi chomwe ndinakakamira ndi risiti yolembedwa nambala ya felemu, ija imadindidwa pansi pomwe pamazungulira mapedulo, ndi dzina la wogulitsa ndi siginecha yake. Njinga zimabedwa kwambiri, ndipo resa m'tauni yaing'ono ngati ino imadziwika ngati munthu wa dazi pamaliro, sindimafuna tsiku lina wina adzandiimitse pa depoti kuti iyi ndi yanga ine ndilibe chonena.

Ndimaganiza kuti ndamaliza kuwononga ndalama. Ayi ndithu, kunali kuyamba kumene. Tsiku loyamba lenileni tayala linali lofewa, ndinapita kwa mnyamata wopopa pamsewu, anayang'ana valavu nkundiyang'ana ine. Valavu ya resa ndi ina, yowonda yokhala ndi kanati kumutu, amati Presta, pampu wamba salowa, ya pa filling station siilowanso pokhapokha ukhale ndi ka adaputa. Ndipo tayala lowondali limafuna mpweya wambiri, cha m'ma 80 psi, pomwe la galimoto yaing'ono limangofuna 30 ndi kenakake, ukapopa mosakwanira ukangogunda dzenje limu limaluma chubu nkusiya timabowo tiwiri ngati yalumidwa ndi njoka. Ndiye pampu yoimika pansi yokhala ndi geji inafunika. Matayala nawo ndinapusa nawo kamodzi. Ndinagula la 28 pa msika poganiza kuti 28 ndi 28 basi, kufika kunyumba likungolowa ndi kutuluka ngati chipewa cha bambo pamutu pa mwana. Kani la njinga zakabaza lija la 28 x 1½ limu lake ndi mamilimita 635, pomwe la resa, lolembedwa 700c, ndi 622. Kusiyana kochepa koma sizigwirizana olo pang'ono. Pano ndikapeza machubu a 700c ku Blantyre ndimagula atatu anayi nthawi imodzi, ndipo matayala ndinaika a 700 x 28, onenepako kusiyana ndi a 23 omwe inabwera nawo, chifukwa misewu yathuyi ndi zigamba, mchenga wokokoloka ndi mvula ndi mahampu osapentedwa, tayala lowondetsetsa limakugwedeza mpaka mano. Kwa ine resa yoti singalole tayala la 28 kuno siyoyenera kugula, olo itchipe bwanji.

Kenako helemeti, magetsi akutsogolo ndi ofiira akumbuyo, tcheni chatsopano, giya yakumbuyo ya 11 mpaka 32. Ndiye kabudula uja. Abale, kabudula wothina wokhala ndi siponji kumatako. Ndinalumbira kuti ine bambo wa ana atatu, mkulu wa kwaya, sindingavale chimenecho. Nditapita ku Domasi ndi kubwerera nditavala kabudula wamba ndinakhala masiku atatu ndikukhala pampando chammbali ngati ndili ndi chithupsa. Ndinakagula. Koma mpaka lero ndimavala kabudula wina pamwamba pake mpaka nditatuluka mu Matawale, apongozi amakhala pafupi.

Pa msewu ndaphunzira zanga. M3 mbali yopita ku Blantyre ndi yosalala, pali kampata kumbali, ukadzuka 5 koloko Loweruka ukhoza kufika pa Namadzi nkubwerera dzuwa lisanakwiye. Mbali ya ku Liwonde kudzera pa Chinamwali, Songani, Domasi, Malosa ndi yokongola kwambiri, phiri lili kumanzereku ulendo wonse, koma msewu ndi wopapatiza, minibasi ikafuna pasenja imangokhota nkuima kutsogolo kwako ngati kulibe munthu, ndipo ma truck akaliza hutala ndiye kuti tsika mumsewu, alibe nthawi yokambirana. Njinga yakabaza ikatsikira m'dothi palibe vuto, resa ikatsika pa liwiro tayala limamira mumchenga iwe nkupitirira wekha. Ndinagwapo kamodzi cha ku Songani pamaso pa amayi ogulitsa tomato, anathamanga kudzandidzutsa, "Pepani bambo, pepani," wina kumbuyo akufunsa mnzake kuti kodi amenewa akuthamangira kuti opanda katundu.

Ku Chawe, pamwamba pa phiri lathu lija, ndinadikira miyezi itatu ndisanayese. Msewu wake kuchoka m'tauni si wautali kwambiri koma ndi kukwera kokhakokha, kukhota uku kukhota uko, mbali ina thanthwe mbali ina phompho tauni yonse ili pansi. Ndinayamba ndi mphamvu ngati wopusa, nditangodutsa nyumba zomalizira ndinali nditalowa kale giya yomaliza, chala chikudinabe kufuna ina yomwe kulibe. Mtima umagunda m'makutu. Thukuta kulowa m'maso, helemeti ikuyabwa, ndikuwerenga mitengo ya paini kuti ndikafika pa uwo ndipuma, ndikafika ndimati ayi pa winawo. Anthu otsika ndi nkhuni pa njinga amandidutsa atakanikiza nsapato pa tayala kuthandizira mabuleki, mmodzi anakuwa, "Limbani bwana, mwatsala pang'ono!" ndipo linali bodza lamkunkhuniza, panali patatsala theka. Penapake mnyamata wina wa njinga yakabaza yopanda giya ndi imodzi yomwe anandipeza, anayenda nane pang'ono ataimirira pa mapedulo, anayang'ana njinga yanga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo nkufunsa, "Magiya angati amenewa bigi?" Ndinati 18, mawu akutuluka mwapatalipatali. Anagwedeza mutu mwaulemu, nkundisiya. Ndinamupezanso kutsogolo akukankha, ine ndikupalasabe pang'onopang'ono pa 34 ndi 32 yanga ija, sindinanene kanthu chifukwa mpweya wonenera panalibe.

Ndinafika pa geti la hotela ya Ku Chawe miyendo ikunjenjemera, osatsika ngakhale kamodzi, ndinakhala pamwala mphepo yozizira ija ikundiwomba, anyamata ogulitsa zipatso atandizungulira kale ndi timabasiketi tawo. Foni inalira. Mayi akunyumba. "Mwafika? Muli moyo?" Ndinati ndafika. "Chabwino, poti muli komweko mutigulireko mbatatesi ndi mastiroberi a ana." Ndinawakumbutsa kuti njingayi ilibe keliyala. "Si munati malaya anu aja ali ndi matumba kumsana?"

Ndinatsika phiri lonse lija zala zili pa mabuleki mpaka kuchita dzanzi, mbatatesi zisanu ndi imodzi zikundigunda pamsana pa hampu iliyonse, mastiroberi ali mu jumbo yomangirira pa handulo. Anafika kunyumba ataphwanyika theka, ana anadya ndi supuni.